Tsiku lomwe ndinathena mwini kampani

Kumudzi kwathu ku Thyolo sanamvetsebe ntchito yanga. Agogo akafunsidwa amangoti, "Mdzukulu wanga amapemphetsa m'tauni, koma amapemphera agalu." Sanama agogowo. Ndimagwira pamalo ena osungira agalu ndi amphaka osowa mwini muno mu Blantyre, ndipo gawo langa ndi kusaka ndalama ndi kunyengerera amene amatipatsa ndalamazo kuti asatope nafe.

Chichokereni tsiku lija kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ntchitoyi inasanduka kukama mkango. Katemera wa chiwewe, mankhwala a nkhupakupa, ulusi wosokera bala, zonse zimagulidwa kunja. Tsono tinayambitsa dongosolo loti munthu asankhe galu mmodzi azimulipirira mwezi ndi mwezi, ife tizimulembera kalata yomuuza mmene galu wakeyo akukhalira. Anthu anaikonda nkhaniyi. Galu akakhala ndi dzina, ndalama imatuluka msanga m'thumba.

Linali Lachisanu, kutatsala sabata kuti tifike pa 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira matenda a chiwewe padziko lonse. Ndinali nditakonza mawu okoma okumbutsa anthu kuti chiwewe chimaleka kufala pokhapokha agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa katemera, ndi kuti kampeni yomwe a bungwe la Mission Rabies anayamba mu Blantyre mu 2015 inaonetsa kuti zimatheka. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, batire la laputopu lili pa 4 peresenti, minibasi zopita ku Chilomoni zikudzaza. Mu Excel ndinali ndi mizere iwiri yoyandikana: dzina la wopereka, dzina la galu. Ndinalumikiza ndi kalata mothamanga, ndinadina "send", laputopu n'kuzima. Ndinapita kunyumba ndikuimba mluzu.

Lolemba m'mawa ndinapeza amayi oyang'anira malowa atakhala pampando wanga, pepala lili m'manja, magalasi atatsikira kumphuno.

"Achimwene, khalani pansi. Tawerengani mokweza."

Ndinayamba. "Okondedwa a Poizoni, ndife okondwa kukudziwitsani kuti Bambo Uje tawathena bwinobwino Lachiwiri lapitali. Bala likupola. Asiya kulumpha mpanda usiku kukasaka zazikazi, ndipo akudya mokwanira ngakhale amanyansidwa ndi bonya."

Malovu anauma. Bambo Ujeyo ndi mwini kampani yamalole ku Limbe, munthu amene amatipatsa gawo lalikulu la ndalama za chakudya. Ndipo imelo yake amatsegula ndi sekilitale.

Makalata 43 onse anali otero. Amayi ena opuma pantchito ya uhedi kupulayimale tinawalengeza kuti njoka zam'mimba zawathera ndipo asiya kuluma ana. Mkulu wina wa kubanki mphere zinamuchepa, ubweya wayamba kumera kumsana. Koma imene inandipangitsa kulakalaka nthaka itang'ambika ndi ya amayi otsogolera azimayi kutchalitchi kwawo, azaka zopitirira 60: abereka ana asanu ndi awiri, onse ali moyo, koma bambo wa anawo sakudziwika.

Foni inayamba kulira cha m'ma 9 koloko. Ahedi aja anangoti, "Mwananga, ana ndinasiya kuluma kalekale boma litaletsa chikoti," n'kudula akuseka. Amayi a kutchalitchi sanaseke ngakhale pang'ono. Ndinapepesa mpaka mayunitsi kutha, ndinagula ena pa Airtel Money, n'kupitiriza kupepesa.

Kenako anaimba akazi awo a Bambo Uje. Mawu awo anali odekha ngati akufunsa mtengo wa tomato pamsika.

"Ndinu amene munalemba kalata ija?"

"Ndine, mayi. Pepani kwambiri, kompyuta..."

"Isiyeni kompyutayo. Zija zoti asiya kulumpha mpanda usiku, zimagwiradi ntchito? Ndi ndalama zingati?"

Ndisanayankhe ndinamva galimoto ikuima panja. Ndinasuzumira pawindo: mwini nkhani, suti yakuda, mimba patsogolo, pepala lili m'manja. Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinatulukira khomo lakuseri n'kukalowa m'khola loyamba lomwe ndinapeza lotsegula, ndinanjuta kuseri kwa mbiya yamadzi. Mwa makola onse aja, ndinasankha la Poizoni. Anali atavala chipulasitiki chonga fanulo m'khosi chija timaveka galu kuti asanyambite bala, akundiyang'ana ngati akudziwa kuti dzina lake ndaliyendetsa m'maofesi.

Mapazi anayandikira. Ndinamva mawu a bambo aja: "Ndionetseni mnzangayo amene tinasinthana naye mavuto." Chitseko cha waya chinatseguka, ndipo anatipeza awiri, wina fanulo m'khosi, wina tayi atathimbirira ndi madzi a m'mbale ya galu.

Anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa amayi oyang'anira aja, "Mwa awiriwa, amene ndimalipirira ndi uti?"

Ndalama sanasiye kutumiza, koma anaika lamulo: kalata iliyonse ndizipita nayo ndekha ku Limbe, ndiziwerenga nditaimirira, sekilitale ali pomwepo. Alonda a pageti pawo anandizolowera. Ndikangotsika minibasi amakuwa, "Adokotala afika!" ndipo madalaivala onse a malole amapanikiza miyendo.