Sabata ya Ntchito ku Havana, Pofufuza Gwero la Rumba

Ntchito yanga ndi yokonza mapologalamu a nyimbo pa wailesi, ndipo ku Havana ndinapitirako funso limene omvera amandifunsa kawirikawiri: kodi rumba ya ku Congo, imene takhala tikuvina m'maukwati kuyambira nthawi ya Franco ndi gulu lake la OK Jazz, ili pa ubale wotani ndi chilumba cha Cuba? Ndinatenga makina ojambulira mawu ndi kope, ndipo womasulira ndinali nditapangana naye kale, popeza oimba ambiri kumeneko amalankhula Chisipanishi chokha.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinathera m'nyumba ya bambo wina wachikulire ku Centro Habana, katswiri woimba tres, gitala yaing'ono ya nsambo zisanu ndi imodzi zomangidwa ziwiriziwiri. Asanaigwire n'komwe gitalayo, anatulutsa timitengo tiwiri tolimba totchedwa claves. Kamodzi anakagoneka pa zala za dzanja lamanzere, chikhatho atachipinda kuti pansi pakhale mphako yokuza mawu, ndipo ndi kenako anamenya kasanu: katatu, kupuma pang'ono, kenako kawiri. Anandifotokozera kuti mu nyimbo za son, mtundu wa nyimbo zovina za ku Cuba, woimba aliyense, kaya wa lipenga kaya wa ng'oma, amamvera kamenyedwe kameneka, ndipo woutembenuza pakati pa nyimbo anzake amamudziwa nthawi yomweyo. Ataimba gawo lomaliza la nyimbo, lotchedwa montuno, pamene wotsogolera amaponya mawu, ena n'kumavomera mobwerezabwereza, ndinamva bwinobwino maziko a nyimbo za ku Kinshasa.

Mbiri yake ndi yodziwika. Kuyambira mu 1933 kampani ya His Master's Voice inkagulitsa mu Africa mbale za nyimbo zodindidwa zilembo za GV, ndipo zambiri zinali za magulu a son monga Sexteto Habanero ndi Trío Matamoros. Amalonda a kunja ankazitchula nyimbozi kuti rumba, ndipo achinyamata a ku Léopoldville (Kinshasa ya lero) ndi Brazzaville anatengera dzinalo limodzi ndi kaimbidwe kake, malipenga ndi piyano n'kuzisamutsira pa gitala. Choncho kholo la rumba ya ku Congo ndi son, pamene rumba ya eni ake a ku Cuba ndi gule wina wa ng'oma ndi mawu okhaokha.

Lachitatu ndinakaona situdiyo ya Areito mu msewu wa San Miguel, imene inayamba ndi kampani ya Panart m'zaka za m'ma 1940 ndipo inadzakhala m'manja mwa EGREM, kampani ya boma yojambula nyimbo, kuyambira mu 1964. M'menemo ndi mmene chimbale cha Buena Vista Social Club chinajambulidwira mu 1996, oimba a ku Mali amene anayenera kukhala nawo atalephera kufika. Lachinayi magetsi anazima nthawi yaitali, moti ndinangokhala pakhonde n'kumalemba zimene ndinajambula mabatire asanathe.

Tsiku limene ndinayenda kwambiri linali Lachisanu. Ndinayambira mu msewu wa Obispo ku Habana Vieja, kumene pafupifupi m'malo odyera alionse muli gulu loimbira alendo. Oimbawo ndi aluso, ambiri anachita kuphunzira nyimbo kusukulu, koma amangobwereza nyimbo zochepa zomwezo zimene alendo amazidziwa, ndipo zinandimvetsa chisoni kuona luso lotere likupanikizidwa ndi kufunafuna ndalama ya tsikulo. Kuchokera pamenepo ndinatsikira kudoko n'kukwera kaboti kowolokera ku Regla, anthu ataimirira ndi njinga zawo. M'tchalitchi cha Nuestra Señora de Regla muli fano la Maria wakuda wovala zabuluu ngati nyanja, ndipo otsatira chipembedzo cha Santería amamulemekeza ngati Yemayá, mayi wa nyanja wa Ayoruba. Ndinaona mayi wina wovala zoyera kuyambira mpango mpaka nsapato akugwada m'tchalitchimo, kenako n'kutuluka kukaponya maluwa m'madzi. Ku Regla komweko ndi kumene gulu lachinsinsi la amuna la Abakuá linakhazikitsidwa mu 1836, kuchokera ku miyambo ya ku Calabar, ku Nigeria. Za m'kati mwa gululo sindinafunse, chifukwa munthu wokulira kumene kuli dambwe amadziwa malire a mlendo.

Ukapolo ku Cuba unatha mochedwa, mu 1886, ndipo ambiri mwa omasulidwawo anakagwira ntchito m'madoko a Havana ndi Matanzas. Rumba ya ku Cuba inabadwira m'mabwalo a nyumba zimene ankakhalamo mothithikana, ndipo poyamba ankaiimba pa mabokosi a matabwa onyamulira nsomba zouma.

Gule ameneyu ndinamuonera Lamulungu masana ku Callejón de Hamel, kanjira kopapatiza kamene Salvador González Escalona anayamba kukajambula zithunzi mu 1990. Guleyu ali ndi mitundu itatu: yambú ndi wodekha, wovinidwa ngati a nkhalamba. Mu guaguancó mwamuna amazungulira mkazi kufuna kumudzidzimutsa ndi chiuno, phazi kapena kansalu, mkaziyo n'kumadzitchinga ndi siketi mwaluso, anthu akukuwa. Koma chimene ndinatchera khutu kwambiri ndi columbia, yovina mwamuna mmodzi, pamene ng'oma yaing'ono yotchedwa quinto imatsatira mapazi a wovinayo monga mbalule imachitira ndi gule pabwalo. UNESCO inaika rumba ya ku Cuba pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2016, ndipo ya ku Congo inalowa mu 2021.

Aliyense amene ndinamujambula ndinayamba ndamupempha, kumuuza kumene mawu ake akamvekere, ndi kumulipira monga tinapanganira. Madzulo a tsikulo ine ndi womasulira tinasanja zojambulazo m'magawo atatu: loyamba la claves ndi tres, lachiwiri la mbale za GV ndi oimba a ku Kinshasa, lachitatu la ng'oma za ku Hamel. Gawo la chiyambi cha son lidzafuna ulendo wina wa ku Santiago de Cuba, kum'mawa kwa chilumbachi, kwawo kwa Trío Matamoros.