Kaseva kanga, ma patch a Spectre ndi phindu la opanga ma chip

Sabata ino ndaika microcode yatsopano (timalangizo ta mkati mwa purosesa) pa kaseva kanga kakale ka Linux, kenako nkutsegula foda ya /sys/devices/system/cpu/vulnerabilities/ kuti ndione zomwe zatsekedwa ndi zomwe zikadali pululu pa mabowo a chitetezo a purosesa, monga Meltdown ndi Spectre, omwe amalola pulogalamu kusuzumira mu memory yomwe si yake. Pa meltdown pakulemba kuti PTI, pa spectre_v2 pali Retpolines, zonsezi ndi njira zotsekera mabowowo, kumeneko zili bho. Pomwe ndinakhalitsa ndi pa hyper-threading (kapena SMT, njira yoti core imodzi ya purosesa izigwira ntchito ngati ziwiri), chifukwa mabowo ena awiri, l1tf ndi mds, akunenabe kuti SMT vulnerable ndipo kutsekeratu kwake nkuizimitsa basi, ngati mmene opanga OpenBSD, sisitimu ina yonga Linux, anachitira mu 2018. Ine ndaisiya yoyaka, ma VM (makompyuta oyerekeza oyenda mkati mwa kasevako) onse ali mmenemo ndi anga, palibe mlendo woti nkusuzumira mu memory ya mnzake.

Ndinayesanso kuyatsa ndi mitigations=off, lamulo lozimitsa chitetezo chonsechi, kuti ndione kusiyana kwake. Posintha mavidiyo sindinaone kanthu, koma database ndi kukopera timafayilo tambirimbiri, eeh, zimathamanga moonekeratu. Sizodabwitsa, PTI imalekanitsa memory ya kernel (mtima wa Linux) ndi ya mapulogalamu ndiye pulogalamu ikangopempha kanthu ku kernel purosesa imayamba yasintha matebulo kaye, ikamapempha pafupipafupi nthawi imangothera pomwepo. Ndabwezeretsa chitetezo chonse, kunali kuyesa chabe.

Nde apa mpomwe ndinayamba kuganiza za ndalama. Mu 1994 purosesa ya Pentium itapezeka kuti ikulakwitsa masamu ogawa, Intel inasinthira anthu ma chip ndipo inaluza madola 475 miliyoni. Meltdown ndi Spectre zitaululika mu Januwale 2018 panalibe zobweza chip, anthu anangolandira ma patch, enanso oyambirira ankapangitsa makina okhala ndi ma chip a Intel a Haswell ndi Broadwell kumangozima nkuyaka okha mpaka kampaniyo inauza anthu kuti ayambe asiya kuwaika. Koma chaka chomwecho Intel inagulitsa katundu wa madola 70.8 biliyoni, kuposa zaka zonse za mmbuyo. Zambiri zinali chifukwa makampani a cloud ankagula ma seva mwaliwiro, inde, komabe taganizani, mwini data center amene makina ake ayamba kuchedwa ntchito ili yomweyo atani? Agula ena owonjezera. Ndipo kukonza kwa mkati mwa chip momwemo kunabwera pa ma seva ndi ma chip a Cascade Lake mu 2019, kutanthauza kuti ukachifuna ugule yatsopano. Ine ndimaona kuti bilu ya vutoli analipira ndi ogula.

AMD inapezerapo mwayi poti Meltdown sinakhudze ma chip ake, ma chip ake a ma seva a EPYC nkuyamba kulowa mma data center, ngakhale nayonso vuto la Zenbleed linaipeza mu 2023 pa ma chip a Zen 2, chaka chomwe vuto la Downfall linagwira Intel.

Chotsatira ndikufuna kuzimitsa hyper-threading yokhayo, zina zonse zili chiyakire, ndione ngati database ingapirire ma backup akamayenda usiku.