Kugawa Madera a Mvula Mozungulira Phiri la Mulanje

Amene amayeza mvula ku Mimosa ndi ku Bvumbwe amadziwa kuti ikagwa lero pa esiteti imodzi ya tiyi, kawirikawiri imakhala yagwanso pa esiteti yoyandikana nayo, ndipo mawa lake imapitiriza. Apa ndi pamene njira yotchuka ya k-means, ya masamu yogawira zinthu zofanana m'magulu, imapunthwa, chifukwa imatenga tsiku lililonse ndi malo aliwonse ngati mboni yapayokha, pomwe mbonizo zikungobwereza nkhani imodzi.

Ine ndimayamba ndi muyeso wa Moran's I, womwe Patrick Moran anaufotokoza mu 1950, kuti ndione mmene malo oyandikana akufanirana, kenaka ndimachotsa kayendedwe ka dzinja ndi chilimwe ndisanagawe magulu. Komabe mtunda wokha umanyenga. Phalombe ali pafupi, koma phiri, lomwe limafika mamita 3,002 pa Sapitwa, limatchinga chinyezi cha chiperoni, kotero kuti mu Juni kummwera kumakhala mvula yowaza pamene kuseri kuli gwaa. Kukwera kwa malo ndi mbali imene malowo ayang'ana ziyenera kulowa m'masamuwo.

Masiku a namondwe Freddy, mu Malichi 2023, ndimawaika padera, chifukwa akasakanizidwa ndi ena amakokera masiteshoni onse oyezera mvula m'gulu limodzi.