Mmene ndinakhozera Statistics ndi buku laulere la pa intaneti

Tsiku loyamba aphunzitsi athu a Statistics anatigawira course outline, pansi pake pali dzina la buku loyenera kuwerenga. Ndinapita kulaibulale masana omwewo koma ndinapeza makope onse atabwerekedwa kale. Kugula sindikanakwanitsa. Ndinadalira manotsi a m'kalasi kwa masabata atatu, mpaka mayeso oyamba anandionetsa zakuda.

Mnzanga wina wa chaka chachitatu ndiye ananditchulira OpenStax. Iyi ndi ntchito ya Rice University ya ku Texas, imene inayamba kutulutsa mabuku a kukoleji mu 2012. Owalemba ndi kuwaunika ndi aphunzitsi a m'mayunivesite, ndipo aliyense akhoza kuwatsitsa popanda kulipira. Ndinakayikira, poti ndinazolowera ma PDF ojambula ndi foni amene amazungulira m'magulu a WhatsApp, masamba ena opendekeka, ena osowa. Koma buku la Statistics la OpenStax silinali lakuba. Eni ake ndiwo analiika poyera mwadala. Zipangizo zophunzirira zamtunduwu zimatchedwa open educational resources, dzina limene linachokera ku msonkhano wa UNESCO wa mu 2002.

Kutsitsa sikunavute. Ndinagwiritsa ntchito WiFi ya pakoleji, n'kusunga PDF yonse mufoni ndi mulaputopu kuti ndisamawononge bandulo ndikafuna kuwerenga usiku.

Vuto linabwera pambuyo pake, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndinayamba bukulo tsamba loyamba ngati nthano, n'kutaya sabata yathunthu pa zinthu zimene tinali titadutsa kale, pamene m'kalasi anali atafika pa probability, masamu a mwayi woti chinthu chichitike. Buku laulere silidziwa aphunzitsi ako. Linalembedwera anthu ambirimbiri, choncho ntchito yoligwirizanitsa ndi kozi yako ndi yako.

Ndiye ndinakhala pansi ndi pepala, ndinalilemba mzere pakati. Kumanzere ndinakopera mitu yonse ya pa course outline, sabata ndi sabata. Kumanja ndinalemba chaputala ndi gawo la m'buku pamene mutuwo ukupezeka. Mitu yambiri inagwirizana, ngakhale ndondomeko yake inali yosiyana. Iwiri sindinaipeze n'komwe, ndipo ndinaizungulira ndi bolopeni yofiira. Pepala limeneli ndinapita nalo kwa aphunzitsi ndikuopa kuti andikalipira chifukwa chosagula buku lawo. Anangoliyang'ana, n'kufufuta machaputala awiri. "Awa musavutike nawo, sabwera," anatero. Kenako anandichenjeza za tebulo la z, limene timayang'anapo nambala powerengera probability, koma sindinamvetse bwino.

Ndinadzamvetsa pa asayinimenti yotsatira. Matebulo a z amenewa, a normal distribution (kagawidwe ka nambala kamene chithunzi chake chimaoneka ngati belu), sali amtundu umodzi. Ena amapereka gawo lonse la belulo la kumanzere kwa nambala z, ena amangoyambira pa 0 kufika pa z. Ukayang'ana z ya 1.96, tebulo lina likupatsa 0.9750, lina 0.4750. Onse ndi olondola, amangosiyana ndi 0.5, koma ukasakaniza njira ya buku limodzi ndi tebulo la buku lina, yankho lonse limapita kutchire. Ndinataya malikisi pamenepo. Chinanso, bukulo limafotokoza masamu ambiri pogwiritsa ntchito kakyuleta ya TI-83 kapena TI-84, pamene ife m'mayeso tinkaloledwa kakyuleta wamba ndi matebulo. Kuyambira pamenepo ndinkawerenga mafotokozedwe a m'buku kuti ndimvetse chifukwa chake, koma mafunso ndinkawerengera ndi tebulo la aphunzitsi basi. Zitsanzo za mainchi ndi madola sizinandisokoneze, nambala ndi nambala.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi mafunso a kumapeto kwa chaputala chilichonse. Ambiri ali ndi mayankho m'buku momwemo. Ndinadziikira lamulo: ndiyambe ndalemba yankho langa mpaka pamapeto, kenako ndiyang'ane lawo. Ndikalakwa, ndinkalemba m'kope kuti ndalakwira pati. Patapita mwezi ndinaona kuti ndimagwa malo omwewo, makamaka posankha pakati pa tebulo la z ndi lina lotchedwa t.

Mitu iwiri yofiira ija ndinakaifuna ku MIT OpenCourseWare, tsamba la pa intaneti pamene yunivesite ya ku America ya Massachusetts Institute of Technology (MIT) yakhala ikuika manotsi, mafunso ndi mayeso akale a makozi ake kuyambira mu 2002. Kunena zoona, zambiri za kumeneko zinali zozama kuposa kozi yathu, ndipo ndikanakakamira zonse ndikanangodziopseza. Ndinatengako masamba ochepa ofunikawo, zina ndinazisiya.

Anzanga ataona kope langa anayamba kupempha, ndipo apa ndi pamene ndinaphunzira za malaisensi a Creative Commons, amene amanena zimene ukuloledwa kuchita ndi zolemba za ena. Amalembedwa kumayambiriro kwa buku kapena pansi pa tsamba la pa intaneti. BY ikutanthauza kuti ukhoza kukopera, kusintha ndi kugawa bola utchule eni ake. NC ikuletsa kuchitira malonda. SA ikuti chimene wapanga uchigawe pa laisensi yomweyo. ND ikuti usagawe chosinthidwa. Za MIT zili pa BY-NC-SA, choncho kabuku kamene ndinasonkhanitsa, kotsatira ndondomeko ya aphunzitsi athu, sindikanakagulitsa. Ndinalemba pamwamba kumene gawo lililonse lachokera, n'kukatumiza kugulu. Mmodzi anapezamo polakwika pa chitsanzo changa cha confidence interval (malire amene timayerekeza kuti nambala yeniyeni ili pakati pake), tinakonza tsiku lomwelo.

Mayeso omaliza ndinakhoza, sapu (mayeso obwereza) sindinalembe. Semesita yotsatira, course outline ya Economics itangofika m'manja, ndinatenga pepala n'kulemba mzere pakati ndisanatuluke n'komwe m'kalasi.