Mpunga wa mayi uja unatsala pa OR Tambo

Anzanga amene mumagulitsa matikiti a ndege ngati ine, sabata yathayi yandipweteka moti mpaka lero Lamlungu nsima sikulowa bwino, ndiye ndati ndingolemba mwina mtima ukhala pansi. Zaka 9 ndili pa desiki kuno ku Lilongwe, ndalalatiridwapo ndi makasitomala, ndalandirapo ma ADM, zilango za ndalama zochokera ku makampani a ndege, ondidula malipiro, koma za Lachinayi zija ayi ndithu.

Lolemba mpaka Lachitatu zinali za masiku onse. Mu ofesi mwathu tinalipo anayi, awiri anachoka chaka chatha ndipo mpaka pano sanalembe wina, akuti bizinesi sikuyenda, chonsecho mafoni sakhala chete. Lachiwiri m'mawa magetsi anathima, jenereta ilibe dizilo, ndinagwira ntchito ndi bandulo ya pa foni yanga yogula ndekha, ndipo mabukingi awiri a gulu lopita ku Nairobi anagwa chifukwa nthawi yodulira tikiti inakwana sisitimu ili chigonere, pomwe ndimabwezeretsa n'kuti kalasi yotchipa ija itatha. Makotesheni a mabungwe ndiye osanena, inu mukudziwa kuti ku akaunti kwawoko amangoyang'ana nambala yaing'ono basi, zoti muli chikwama kapena mulibe, zoti tikitiyo imasinthika kapena ayi, sawerenga. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense amalowa ndi funso limodzi, yotchipa ndi iti. Sindiwadzudzula, mitengo imawerengedwa m'madola pomwe malipiro a anthu ali pompaja.

Nkhani yeniyeni inayamba masabata awiri m'mbuyomo. Mtsikana wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Cape Town anandilembera pa WhatsApp kuti wachira mwana woyamba, wa opaleshoni, ndipo akufuna mayi ake abwere kuchokera ku Mponela adzamuthandize. Basi anaikana, anati mayi amadwala miyendo sangapirire masiku awiri a pa msewu kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka kufola pa Beitbridge, kenako n'kukweranso ina ya ku Cape Town. Ndalama anasonkha ndi mwamuna wake kwa miyezi, anatumiza pa Mukuru. Ndinamupangira kotesheni ya tikiti imodzi yolumikiza ulendo wonse, Lilongwe mpaka Cape Town, katundu wofanana njira yonse, ndege ikachedwa kampani ndiyo imakusamutsa. Anayankha kuti asisi ndalama sizikwana, ndipo kwina amuuza mtengo wotsika kuposa wathu.

Ndinapita nayo kwa abwana. Iwo anati idule pawiri, Lilongwe mpaka Joni pa ndege ya masiku onse, Joni mpaka Cape Town ugule pa intaneti pa ndege zotchipa zija ndi khadi ya kampani, utenge mtengo wapansi penipeni. Ndinawauza kuti bwana, mtengo wapansiwo ndi wa kachikwama ka m'manja ka 7kg kokha, ndipo mayi wochokera kumudzi kukaona chikuta sangayende chimanjamanja. Anandiyankha kuti ukaonjezera chikwama tipitirira mtengo wa anzathuwo ndipo kasitomala athawa, za katundu akazionera komweko, iwe ungolemba pansi kuti tisadzapalamule. Ndinalembadi, kamzere kamodzi ka Chingerezi kumapeto kwa uthenga wautali. Kabokosi koonjezera chikwama kanali pamaso panga pa kompyuta, ndikudziwa bwinobwino kuti kulipiriratu pa intaneti n'kotchipa kusiyana ndi kukalipira pa kauntala, koma sindinadine. Ndiponso ndege yotchipa kwambiri tsiku limenelo inali yonyamuka patangotha maola awiri ndi mphindi zochepa mayi atatera, ya madzulo inali yodulirapo, ndinatenga yoyambayo. Izi ndinachita ndine ndi zala zanga ndipo sindikufuna kubisala kumbuyo kwa abwana, ngakhale lamulo linachokera kwa iwo.

Mayiwo anabwera okha kudzatenga mapepala. Anakhala pampando atapinda manja, n'kundifunsa kuti mwanawanga, kodi kampunga ka Kilombero ndi kaufa koyera andilola? Ndinati eya amayi, tikiti yanu ili ndi zikwama ziwiri za 23kg. Sindinaname, ya ku Joni inalidi choncho, koma sindinamalize chiganizocho chifukwa mafoni awiri amalira ndipo kumbuyo kwawo kunali anthu atatu akudikira. Anandithokoza mowomba m'manja.

Lachinayi cha m'ma 3 koloko masana kunabwera foni ya nambala ya +27 yosadziwika. Anali mnyamata wa ku Mangochi amene anawapeza mayi ataima pakati pa Terminal B, pa eyapoti ya OR Tambo ku Joni, akulankhula Chichewa kwa anthu osawamva. Ndege yochoka ku KIA, eyapoti ya kuno ku Lilongwe, inachedwa ndi mphindi pafupifupi 40, pa imigiresheni mzere unali wautali, kenako kudikira zikwama pa lamba, kenako kukankha tirole kuchoka ku mbali ya maulendo akunja kupita ku ya m'dziko momwemo, munthu woti sanakwerepo ndege ndipo zikwangwani sawerenga. Pofika pa kauntala patatsala timphindi kuti atseke, anauzidwa kuti tikiti yawo ilibe katundu, alipire zikwama zonse ziwiri. Iwo khadi alibe, m'kachikwama muli tima randi tochepa ta chakudya ndi makwacha amene kumeneko ndi mapepala chabe, simu yawo ya kuno sikugwira. Pamene mnyamatayo amamupeza mwana wawo pa foni n'kuti kauntala itatsekedwa. Wa pa kauntalayo ine sindimuimba mlandu, anatsata zomwe sisitimu imamuonetsa, ngati mmene ine ndinatsatira za abwana anga.

Inu mukudziwa chimene chimatsatira. Matikiti awiri osiyana, kampani yoyamba imati ife tinakufikitsani ku Joni ntchito yathu yatha, yachiwiri imati simunafike pa nthawi yake, tikiti yapsa. Ndinalankhula nawo mayiwo pa foni ya mnyamata uja, sanakalipe, anangoti mwanawanga, paja unati katundu andilola, nanga ndalakwitsa pati ine? Mawu amenewo ndi amene akundisowetsa tulo. Akanandituwana mwina ndikanapepukidwa.

Ndinalowa mu ofesi ya abwana osagogoda. Ndinawapempha kuti kampani igule tikiti ina, ndalama yake tidzakambirana. Anatsegula uthenga uja wa pa WhatsApp, n'kuloza kamzere ka Chingerezi kaja, amvekere si izi tinalemba, ife tilibe mlandu, auze agule ina ndipo usaiwale ya ntchito yathu. Ndinawafunsa kuti bwana, akanakhala mayi anu mukanawadulira tikiti yotere? Anandiuza kuti ndituluke ndikakhazike mtima pansi. Ndege zotsala za usikuwo zinali zodzadza kapena mtengo wake woti mtsikana uja sakanaufikira, ndinapeza ya m'mamawa Lachisanu, mtengo wake kuposa katatu tikiti yomwe inapsa ija. Mtsikanayo anakongola kwa abwana ake a kuntchito, ali pabedi ndi bala la opaleshoni. Ine ndinaonjezera ya chikwama chimodzi kuchokera m'thumba mwanga ndipo ya ntchito yathuyo sindinalembe, adzandidula kumapeto kwa mwezi ndikudziwa. Ya chikwama chachiwiri inasowa. Mayi anagona pa benchi pa eyapoti atafunda chitenje, ndipo m'mawa anamasula katundu pansi pomwepo n'kusankha, zovala za mwana ndi mtedza ndi kaufa pang'ono zinalowa m'chikwama chimodzi, thumba la mpunga ndi nyemba anamusiyira mnyamata wa ku Mangochi uja amene anabweranso m'bandakucha kudzawaperekeza pa geti.

Anthu amaganiza kuti ndege zotchipa ndi zoipa, ine sindikutero ayi. Ndawatumizapo anthu ambiri pa ndegezi ndipo amafika bwino, nthawi zambiri pa nthawi yake kuposa zikuluzikulu zomwe. Bizinesi yawo ndi yosabisa kwa munthu wodziwa kuwerenga, amagulitsa mpando wokha, chikwama padera, kusankha pokhala padera, kusintha tsiku padera, madzi akumwa omwe padera. Kwa munthu wa laputopu wopita ku msonkhano m'mawa n'kubwerera madzulo zimenezi n'zabwino kwambiri. Koma a kwathu kuno sayenda choncho, amayenda ndi ufa, ndi usipa, ndi zitenje za achibale onse, pobwera ndi mabulangete ndi mapoto, ndiye mtengo umene umawala pa sikirini si wawo. Amene ayenera kuwauza zimenezi ndi ife a pa desiki, ndiyo ntchito imene amatilipirira, nanga komishoni ya makampani a ndege si inatha kalekale. Tikayamba kubisa kuti tipambane kotesheni ndiye kuti tikuwalipiritsa kuti tiwapusitse.

Ndipo kutchipa kwenikweni kuja kunalipo kale. Amene munayamba ntchitoyi kale mukukumbukira nthawi imene pa njira ya Joni ndi Cape Town pamalimbirana Kulula, Mango ndi FlySafair, munthu akaphonya ndege umamupezera ina osatuluka thukuta. 1time inagwa mu 2012, Mango inaima mu Julaye 2021, Comair imene imayendetsa Kulula ndi ndege za British Airways za m'dzikomo inatsekedwa mu Juni 2022, mipando yambiri inachoka pa msika nthawi imodzi. Zilipobe zina, FlySafair, Lift, Airlink, CemAir ndi SAA imene inabwerera yochepa, koma tikiti ya lero lomwe sinabwererenso pa mitengo ija. Kuno kwathu ndiye mpikisano wa mtundu umenewo sitinaulaweko n'komwe, ulendo wa maola awiri ndi theka wopita ku Joni umadya ndalama zoti ku Ulaya munthu angazungulire nazo maiko angapo, ndipo ukatsegula mzere wa misonkho upeza kuti gawo lalikulu si mtengo wa mpando koma misonkho ya maeyapoti ndi ndalama ina ija yolembedwa kuti YQ. Anaiyambitsa ngati ndalama yoonjezera ya mafuta, koma mafuta akatsika ine sindinaionepo ikutsika mofanana, ndipo kasitomala akafunsa ambiri a ife timangoti ndi misonkho ya boma pomwe tikudziwa kuti imalowa m'thumba la kampani ya ndege.

Lachisanu ndinalowa ntchito maso ali gwa. Cha m'ma 10 kunafika bwana wina wa bungwe lalikulu limene limatipatsa bizinesi, akufuna tikiti yaulere ya akazi awo pogwiritsa ntchito mamailosi, mapointi amene kampani ya ndege imakupatsa ukamayenda nayo. Ambiri kuno ali ndi makhadi a mamailosi a ShebaMiles a Ethiopian Airlines, ena Voyager a SAA, ena Asante a Kenya Airways, ndipo za mamailosi si ntchito yathu kwenikweni, zimachitikira ku kampani ya ndege, koma abwana anga anati ndisiye zonse ndiwathandize, anawaphikitsira ndi tiyi. Ndinakhala nawo maola awiri. Masiku amene amafuna kunalibe mpando wa mamailosi chifukwa mipando yotere amaika yochepa, mamailosi ena anali atapsa kale osawagwiritsa ntchito, ndipo maulendo ambiri amene bungwe lawo limawagulira anali a makalasi otchipa amene amapereka mamailosi ochepa kwambiri, iwo amawerengera ngati ulendo uliwonse umabweretsa odzadza. Titapeza tsiku, sisitimu inaonetsa kuti misonkho ndi YQ alipirebe ndi ndalama. Anakwiya, amvekere nanga ulere wake uli pati? Ndinawafotokozera kuti mamailosi amalipira mtengo wa mpando wokha, ndipo pa tikiti yotchipa mtengo wa mpandowo ndiwo gawo laling'ono, ndiye kuwawotcha pa ekonomi ya kufupi n'kutaya, ndi bwino kuwasungira ulendo wautali kapena kukwezera kalasi. Mmene ndimaonera ine, phindu lenileni la makhadiwa si tikiti yaulere, ndi mlingo umene umakupatsa chikwama choonjezera, mzere wachidule ndi chipinda chopumira, ndipo amaufikira ndi okhawo amene ofesi imawalipirira maulendo mwezi ndi mwezi.

Pa khadi la bwanayo panali chilolezo cha chikwama choonjezera chaulere ulendo uliwonse. Ndinawafunsa ngati amachigwiritsa ntchito, anati ayi, iwo amangoyenda ndi ka m'manja. Ndinayang'ana pa wotchi, inali nthawi imene ndege ya mayi aja inali itatera ku Cape Town, ndinapempha kuti ndituluke kaye ndipo ndinakalira ku bafa.

Loweruka tinagwira theka la tsiku, marifandi awiri ndi kusintha tsiku kwa mwana wa sukulu wopita ku Lusaka. Ndisanaweruke ndinamuuza mnzanga amene tatsala awiriyu kuti kuyambira Lolemba kotesheni iliyonse yotuluka pa desiki yanga izikhala ndi mitengo iwiri, wopanda katundu ndi wokhala ndi katundu, m'Chichewa, pamwamba penipeni, ndipo tikiti yodula pawiri sindigulitsanso kwa munthu woyenda koyamba pokhapokha pakati pali maola osachepera anayi. Anati aise abwana sakalola zimenezo, ndinati akandichotsa andichotse. Madzulo mtsikana uja anatumiza chithunzi, agogo atanyamula mdzukulu, maso ali otupa ndi tulo. Pansi pake analemba kuti mayi akuti ndikuthokozeni chifukwa cha chikwama chija, ndipo akufunsa ngati pobwerera mu Disembala katundu adzawalola. Tikiti yobwerera ija ndinaidulanso chimodzimodzi, pawiri, yopanda chikwama, ndipo mpaka pano sindinamuyankhe.