Sikelo ya achemwali ndi mabala a m'matumbo

Achemwali anga amathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, ndipo kwa zaka zambiri sikelo imene ankaidera nkhawa inali yoyezera masamba a m'dengu basi. Masiku ano tili ndi sikelo ina m'nyumba yoyezera iwo eni ake, pamodzi ndi kope limene ndimalembamo makilogalamu awo Lamlungu lililonse, kuyambira pamene madokotala a ku Queens ku Blantyre anawaunika m'matumbo ndi kachipangizo ka kamera n'kupeza kuti ali ndi ulcerative colitis.

Matendawa amatupitsa ndi kuchititsa mabala m'kati mwa matumbo aakulu, kuyambira kumapeto kwake n'kumakwera. Sapatsirana, ndipo amagwirizana ndi chitetezo cha m'thupi chimene chimayamba kulimbana ndi matumbo a mwini wake. Munthu amatsekula m'mimba mwa magazi, choncho kwathu kuno aliyense amayamba waganiza za kamwazi kapena likodzo la m'matumbo, ndipo achemwali anamwa mankhwala a kamwazi kangapo zoona zake zisanadziwike. Matendawa amakhala chete miyezi ingapo, kenako n'kuyambiranso.

Kope langa landiphunzitsa kuti thupi limatsatira ukali wa matenda. M'miyezi ya bata sikelo imaima pa makilogalamu 58, koma matenda atakula chaka chatha inatsika kufika pa 51, chitenje n'kumazungulira m'chiuno kuposa kale, m'zikope ndi m'zikhatho mutayera. Zifukwa zake n'zomveka. Mabala amataya magazi ndi ayironi yemwe, amatayanso mapuloteni, moti albumin, puloteni ya m'magazi, amatsika ndipo odwala ena amatupa mapazi. Kutupa kwa m'matumbo kumathetsa chilakolako cha chakudya, komanso wodwala amaopa kudya podziwa kuti akangodya athamangira kuchimbudzi, chinthu chovuta kwambiri kwa munthu amene ali pakati pa munda wa tiyi. N'chifukwa chake madokotala poona kukula kwa matendawa safunsa za chimbudzi chokha. Muyezo umene madokotala a ku Britain, Truelove ndi Witts, anakhazikitsa mu 1955 umati matenda afika poopsa ngati munthu akuchita chimbudzi cha magazi kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pa tsiku, n'kukhalanso ndi chizindikiro china monga kutentha thupi, mtima kugunda kopitirira ka 90 pa mphindi, kapena hemoglobin, amene madokotala amayeza poona kuchepa kwa magazi, kutsika pansi pa 10.5.

Cholakwa chathu chachikulu chinali kuwasalitsa zakudya. Azakhali analetsa nandolo, anansi analetsa mazira ndi mkaka, wina analetsa masamba onse, mpaka achemwali anatsala ndi phala la ufa woyera ndi tiyi. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pakhonde akuyang'ana mbale, ndipo anati, "Mng'ono wanga, kodi ndifa ndi matendawa kapena ndi njala?" Chakudya sindicho chimayambitsa mabalawo, ngakhale kuti zakudya zina zimawonjezera kupotokola matenda akakula, ndipo zimenezi zimasiyana munthu ndi munthu. Tsopano matenda akayambiranso timasiya kwa kanthawi mgaiwa, nyemba ndi tsabola, n'kumawapatsa chakudya chochepa koma pafupipafupi: phala lothira dzira, nsima yofewa ya ufa woyera ndi nsomba, mbatata yophika, nthochi zakupsa ndi mapeyala, komanso Thanzi ORS wobwezeretsa madzi. Zikayamba kuchita bwino timabwezera nkhwani, bonongwe ndi nandolo pang'onopang'ono, ndipo ndimalemba chimene chawavuta.

Nkhani ya tiyi inandipweteka ine mwana wa ku Thyolo. Tiyi amachepetsa ayironi amene thupi limatenga m'zakudya, makamaka wochokera ku masamba ndi nyemba, choncho munthu wochepa magazi ayenera kumwa tiyi patapita nthawi atadya, osati kutsitsira nsima. Zipatso za vitamini C, monga malalanje ndi magwafa, zimathandiza thupi kutenga ayironiyo.

Mankhwala nawo ali ndi mbali yake. Sulfasalazine amene achemwali amamwa amachepetsa folic acid, vitamini wothandiza kupanga magazi, m'thupi, choncho madokotala anawapatsa mapiritsi ake owonjezera. Prednisolone amazimitsa kutupa msanga, koma amafooketsa mafupa akamwedwa nthawi yaitali, ndipo usipa wodya ndi minga yomwe umathandizako pa kashiamu. Prednisolone amanenepetsanso nkhope, moti anansi ankawayamikira kuti achira pamene manja anali akadali owonda. Madokotala anatichenjezanso za brufen ndi diclofenac, amene anthu amangogula pagolosale msana ukawawa, chifukwa angathe kudzutsa matendawa.

Sabata yatha sikelo inasonyeza 56. Achemwali anafunsa ngati angasiye mankhwala popeza akudya bwino, ndipo ndinawatsegulira tsamba la chaka chatha, pamene anasiya kumwa kwa mwezi umodzi makilogalamu n'kuyamba kutsika ngakhale mphika unali womwewo. Mapiritsi anamwa, koma kapu ya tiyi ya m'mawa anakana kuisiya, choncho tinagwirizana kuti aziimwa cha m'ma 10 koloko.