Chithunzi cha Lady Jane Grey Pakhoma Langa

Pakhoma la chipinda chochezera ndinapachika kope la chithunzi chimene Paul Delaroche, mmisiri wojambula wa ku France, anajambula mu 1833, chosonyeza Lady Jane Grey, amene analamulira England masiku 9 okha, atatsala pang'ono kudulidwa mutu mu 1554. Alendo ena amadabwa kuti ndinasankhiranji chinthu chomvetsa chisoni chotere, koma ine sindinong'oneza bondo.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi manja ake. Mtsikanayu, atamangidwa nsalu kumaso ndiponso atavala zoyera mbee, akupapasa kufunafuna chipika choikapo khosi, pamene udzu wouma wayalidwa kale pansi kuti umwe magazi ake. Delaroche anaika zochitikazi m'chipinda chamdima, ngakhale kuti Jane anaphedwera panja, mkati mwa mpanda wa Tower of London.

Chithunzi chenichenicho chili ku National Gallery, nyumba yoonetseramo zithunzi ya mumzinda wa London, ndipo ndimalakalaka kudzachiona ndi maso anga.